Mwasemphanitsa mawaya a batire? Yambani ndi fyuzi

Alimi anzanga, sabata ino tisiye kaye za feteleza, tikambe za galimoto. Ambirife pikapu kapena thirakitala imakhala miyezi ingapo osayenda, batire titalichotsa kuti tizimverera wayilesi. Tsiku lonyamula mabelo kupita ku okushoni ku Kanengo kapena ku Limbe, kapena tomato atapsa m'dimba, timabwezera batire lija mothamanga kusanache. Apa ndi pamene waya wa + umapita pa mutu wa -, kenako moto n'kuthetheka, galimoto zii.

Chimasokoneza anthu si kusasamala kokha ayi. Mabatire awiri ofanana kukula amatha kukhala ndi mitu yosinthana malo: NS70 ndi NS70L n'chitsanzo. Mukabwereka la mnzanu n'kuliika momwe lanu limakhalira, mwalakwitsa kale. Mtundu wa waya nawo musaudalire, pa galimoto yakale matope ndi mafuta amadetsa onse awiri. Onani chizindikiro pa batire penipenipo. Mutu wa + umakhalanso wonenepa pang'ono kuposa wa -, choncho waya akamakana kulowa, osamukhomerera ndi sipanala.

Zikachitika, masulani waya nthawi yomweyo ndipo musayese kuliza. Ngati batire latentha, latupa kapena likununkha, talikirani kaye ndipo pasakhale wosuta fodya pafupi, chifukwa mpweya wotuluka m'batire umaphulika.

Mkati mwa alternator muli tizipangizo totchedwa ma diode, tomwe timalola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha. Batire likasemphanitsidwa, mphamvu yake yonse imathamangira m'tizipangizoti ngakhale kiyi musanamukhudze. Opanga galimoto anaika fyuzi yaikulu pafupi ndi mutu wa +, kawirikawiri ya 80A mpaka 120A, kuti izipsa msanga zinthu zodula zisanapse. Pa galimoto zina ndi kawaya kofewa kooneka ngati waya wamba, mukakakoka kamatamuka ngati mphira ngati kapsa m'kati. N'chifukwa chake ndimati mukamanga bwino batire koma osayaka kalikonse, ngakhale hutala osalira, musathamangire kugula sitata. Sitata sikawirikawiri kuonongeka pa vuto ili. Yambani ndi fyuzi yaikuluyo, kenako tsegulani bokosi la mafyuzi ang'onoang'ono muone imodziimodzi.

Chimene chimandidandaulitsa n'chizolowezi chomanga waya wa mkuwa kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu m'malo mwa fyuzi yakupsa. Galimoto ilira inde, koma ngati ma diode anapsa n'kugwirana, palibenso choteteza, ndipo mawaya onse akhoza kuyaka muli pa msewu ndi mabelo ouma kumbuyo. Ikani fyuzi ya nambala yomweyo. Yatsopanoyo ikapsanso, masulani waya wa - pa batire, chotsani waya wamkulu kumbuyo kwa alternator, mumukulunge ndi tepi, n'kuyesanso. Ikapanda kupsa, mwadziwa kuti vuto lili mu alternator.

Injini ikalira, yang'anani kanyali kofiira ka batire. Kakapanda kuzima, alternator sikuchaja. Wokhala ndi mita yoyezera magetsi ayeze pa mitu ya batire: injini itazima batire lodzaza limaonetsa pafupifupi 12.6V, ikulira liyenera kufika pakati pa 13.8V ndi 14.5V. Nthawi zina zonse zimaoneka bwino koma m'mawa uliwonse batire latha; imeneyo ndi diode yomwe ikubweza magetsi usiku. Makaniko wa zamagetsi amatha kusintha ma diode okhawo osagula alternator yonse. Koma ndakana zija zochotsa waya wa batire injini ikulira pofuna kuona ngati ikuchaja, zimapsereza zomwe zinapulumuka.

Galimoto za makono zokhala ndi kompyuta, ngati mafyuzi onse ali bwino, sitata ikuzungulira koma injini osagwira, musapitirize nokha, itanani makaniko.

Eni ake a Massey Ferguson 35 ndi Land Rover zopangidwa chisanafike chaka cha 1967 asamale mwapadera: zambiri zinatuluka ku fakitale waya wa + ndiye wopita ku chitsulo cha galimoto, ngakhale zina anazisintha pambuyo pake. Musanachotse batire, pakani penti kapena mangani kansalu kofiira pa waya wa +. Pa galimoto zina zonsezi, pomasula yambani ndi -, pomanga malizani ndi -.