Bwanji Kaodzera wa Ng'ombe Alibe Katemera?

Nkhuku timazitemera chitopa. Nanga bwanji ng'ombe zolimira ndi zokoka ngolo za mpunga ku Lifuwu, m'boma la Salima, zilibe katemera wa kaodzera, matenda amene amafala ndi ntchentche ya kashembe? Yankho lagona pa kapangidwe ka kachilombo koyambitsa matendawa.

Kachilomboka, kotchedwa Trypanosoma, adakapeza m'magazi a ng'ombe zodwala ndi David Bruce ku Zululand m'chaka cha 1895. Bruce yemweyo adadzatsogolera kafukufuku kuno pakati pa 1912 ndi 1914, kaodzera atavuta anthu cha ku Domira Bay, kumpoto kwa Lifuwu. Gulu lake lidapeza kuti nyama zakutchire zimasunga kachilomboka.

Thupi lake lonse ndi selo imodzi yokha, yosongoka ngati mlamba. Kunsi kwa khungu lake kuli timitsitsi tolimba ta puloteni yotchedwa tubulin, tondandalikana ngati mbalo za nkhokwe. Timeneti ndi mafupa ake. M'mbali mwake mwamatirira kamchira kamene kamapalasa nako m'magazi.

Pamwamba pa zonsezi kamavala chovala chochindikala cha puloteni ina. Asilikali a m'thupi la ng'ombe akangochizindikira chovalacho n'kuyamba kupha tizilomboti, tina timakhala titasintha kale n'kuvala china. Nchifukwa chake ng'ombe imaoneka ngati yachira, kenaka n'kuyambiranso kutentha thupi, kuonda ndi kuchepa magazi. Katemera wolimbana ndi chovala chimodzi sangathandize.

Mafupa aja ndiye sasintha. M'chaka cha 2002 akatswiri a ku Uganda adayesa katemera wa tubulin pa mbewa ndipo zambiri zidatetezeka, koma mpaka lero palibe katemera wa ng'ombe.

Tsono alimi anzathu, chitetezo chili m'manja mwanu. Pewani kudyetsa ng'ombe m'nkhalango zowirira. Popererani ziweto mankhwala opha kashembe, ndipo musazule nsalu zabuluu ndi zakuda zokolera ntchentchezi. Ng'ombe ikayamba kuonda ngakhale msipu ulipo, itanani mlangizi wa ziweto msanga. Mankhwala alipo, monga Berenil ndi Samorin, koma abayidwe molingana ndi kulemera kwa ng'ombe. Kugawa paketi imodzi ku ng'ombe zambiri kumangozoloweretsa kachilomboka mankhwala, mapeto ake mutaya ndalama ndi ng'ombe yomwe.