Magetsi pa mchenga wonyowa wa ku Metangula

Kukamacha ku Metangula, asodzi amene achezera usiku wonse kupha usipa amakocheza ali chinyowere, makabudula akudontha. Asanaganize n'komwe za tiyi, mnyamata mmodzi amasenza batire paphewa n'kulunjika kukhonde la golosale kumene amatchajitsa. Nyali zambiri zokopera usipa masiku ano si zaparafini zopopa zija ayi, ndi mababu oyendera batire, ndipo batire lililonse limafuna soketi. Pakhondepo pamakhala waya wautali wochokera m'nyumba, kumapeto kwake kabokosi ka masoketi anayi kali pansi, katakulungidwa m'jumbo. Mnyamata uja, wopanda nsapato, manja ali noninoni, amawerama n'kulowetsa pulagi.

Ndikaona zimenezi mtima umandithawa. Magetsi amene kampani ya EDM imapereka m'nyumba ndi a mphamvu ya mavoliti 220. Khungu louma limawakaniza pang'ono, koma lonyowa limawatsegulira khomo, ndipo munthu woponda pansi ponyowa amasanduka njira yawo yolowera m'nthaka. Ambiri amangoti "yandigwira pang'ono", n'kukutumula dzanja, n'kupitiriza ntchito. Kugwira pang'onoko ndi chenjezo lakuti madzi alowa kale pamene sayenera kufika.

Jumbo ija imaoneka ngati nzeru, koma imasunga chinyezi m'malo mochithamangitsa. Dzuwa likawomba, m'kati mwake mumachita thukuta, timadontho n'kutsikira pazitsulo. Zitsulozo zikachita dzimbiri, pulagi sigwira bwino, imayamba kutentha, pulasitiki n'kumanunkha kupsa. Ndipo m'mbali mwa nyanja ino, kuyambira ku Meluluca, kudutsa Chuanga ndi Messumba mpaka ku Cóbuè, chinyezi sichidikira dzinja lokha. Mvula ya Disembala mpaka Malichi imabwera chopendekeka n'kumenya khoma. Ikatha, mwera wa mu Juni ndi Julayi umauluza mchenga ndi nthunzi za mafunde. Nkhungu nazo zikatuluka m'nyanja ngati utsi zimathamangira kuwala, zina n'kufera m'timabowo ta soketi pamodzi ndi nyerere, n'kupanga kaphala komwa madzi.

Soketi yopangidwira panja ilipo. M'masitolo a zomangira ku Lichinga, mtunda wopitirira makilomita 100 kuchokera ku Metangula, dzina lake m'Chipwitikizi ndi tomada estanque. Imakhala ndi chivindikiro komanso mphira wotseka m'mbali, ndipo pathupi pake pamalembedwa zilembo IP ndi manambala awiri. Nambala yoyamba imanena za fumbi ndi tizinthu tolimba, yachiwiri za madzi. IP44 imapirira madzi othovokera, motero imakwanira pakhonde lofoleredwa bwino pamene mvula singafike mwachindunji. Pamtetete, pafupi ndi mpopi kapena potsukira nsomba, pamafunika IP55 kapena IP66, yopirira madzi opopera. Koma ngakhale imeneyo si yomiza m'madzi.

Pali kanthu kamene ogula ambiri sakaona, ndipo ndi pamene pagona nkhani. Masoketi ambiri a kachivindikiro kodzitsekera amateteza pokhapokha mulibe pulagi. Mukangolowetsa pulagi, kachivindikiro kamakhala kali yasa! ngati pakamwa pa ng'ona, madzi n'kumayenderera. Tsono filiji ya mayi wogulitsa chambo ndi kampango simazulidwa usana ndi usiku, chimodzimodzi tchaja ya mabatire. Zoterezi zimafuna bokosi lakuya, lotsekeka pulagi ili momwemo, waya n'kutulukira kunsi. Wayayo azilendewera pang'ono m'munsi mwa bokosi asanakwere kupita kwina, kuti madzi otsetsereka adonthere pansi, asalondole waya mpaka m'soketi. Bokosilo likhomedwe m'mwamba pakhoma, pamene madzi oyenda pansi ndi manja a ana sangafike.

Malire nawo amaonjezera vuto. Ku Cóbuè n'koyang'anizana ndi chilumba cha Likoma cha ku Malawi, ndipo katundu amawoloka tsiku lililonse. Pulagi ya ku Malawi ili ndi mano atatu aphanthiphanthi, soketi ya kuno imalandira mano awiri obulungira, pomwe zipangizo zochokera ku Joni zimabwera ndi mano atatu obulungira akuluakulu. Anthu amalumikiza adaputala pamwamba pa adaputala, ena amasenda waya n'kuupanikiza ndi kamtengo ka machesi. Chivindikiro sichingatsekeke pamwamba pa mulu wotero, ndipo waya wachitatu wopititsa magetsi olakwika m'nthaka umatayika panjira. Kusintha pulagi kuti igwirizane ndi soketi n'kwabwino kuposa adaputala ziwiri.

Chivindikiro chimaletsa madzi, koma chopulumutsa munthu madzi akalowa ndi kachipangizo kotchedwa disjuntor diferencial, koikidwa pabolodi pafupi ndi mita ya Credelec. Kamayerekeza magetsi opita ndi obwerera. Akasiyana ndi mamiliampeya 30, kutanthauza kuti ena athawira kwina, mwina m'thupi la munthu, kamathimitsa m'kuphethira kwa diso. Kali ndi batani loyesera lolembedwa T. Mukalidina magetsi osazima, itanani wodziwa zamagetsi tsiku lomwelo.

Amene ali ndi malo ogona alendo ku Chuanga, kapena woika pampu m'nyanja kuti athirire dimba, adziwenso ichi: madzi a nyanja yathu alibe mchere, ndipo magetsi amadutsa mosavuta m'thupi la munthu kuposa m'madzi opanda mchere. Waya wong'ambika ukagona m'madzi, mwana wosambira pafupi angathe kuuma manja ndi miyendo n'kumira osakhudza n'komwe wayayo. Oona ali kumtunda amangoti watopa. Mukaona wosambira walimba mwadzidzidzi pafupi ndi pampu kapena bwato lolumikizidwa ku magetsi, musadumphiremo. Thamangani mukathimitse kaye, kenaka mumponyere chingwe kapena nsungwi youma.