Liwiro ndi Msinkhu: Nthawi Yoyenera Wothamanga Akamakula

Pamene mipikisano yothamanga ikuchuluka m'mizinda ndi m'maboma, tikuona abambo ndi amayi a zaka 40, 50 ngakhale 60 akuima pamzere woyambira limodzi ndi achinyamata. Ichi nchinthu chokondweretsa kwa ife a zaumoyo, pakuti kuthamanga kumalimbitsa mtima, kumachepetsa kunenepa, ndiponso kumathandiza kupewa matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Komabe pali vuto limodzi. Munthu amene pa zaka 25 ankatha makilomita 10 m'mphindi 45 amafunabe nthawi yomweyo pa zaka 50. Akalephera, mwina amagwa mphwayi nkusiyiratu, mwinanso amadzikakamiza mpaka kuvulala. Zonse ziwirizi nzopeweka munthu akadziwa mmene thupi limasinthira.

CHIMACHITIKA NCHIYANI M'THUPI?

Choyamba ndi mtima. Munthu akamathamanga, mtima umagunda mofulumira kuti utumize magazi ndi mpweya wabwino ku minofu, koma uli ndi malire amene sungapitirire. Malirewa amatsika pafupifupi kugunda kumodzi chaka chilichonse. Njira yapafupi yowayerekezera ndiyo kuchotsa zaka zanu pa 220. Wa zaka 25 apeza 195 pa mphindi imodzi, wa zaka 45 apeza 175, ndipo wa zaka 65 apeza 155. Mtima ukamagunda kochepa chotere, mpweya wofika ku miyendo nawonso umachepa, choncho phuma limabwera msanga.

Chachiwiri ndi minofu. Kuyambira pa zaka 30, minofu imayamba kuchepa pang'onopang'ono, makamaka ija yothandiza kudumpha ndi kuthamanga mwaliwiro. Nchifukwa chake munthu wachikulire amaponda mapazi pafupipafupi kusiyana ndi kale. Chachitatu, thupi limachedwa kuchira. Kuphwanya kwa miyendo kumene mnyamata amadzuka kutatha, kwa wamkulu kumatenga masiku awiri kapena atatu.

Kusinthaku sikubwera mwadzidzidzi. Othamanga mtunda wautali amasunga mphamvu zawo mpaka cha m'ma 35. Carlos Lopes wa ku Portugal adapambana marathoni pa masewera a Olimpiki ku Los Angeles mu 1984 ali ndi zaka 37, ndipo Eliud Kipchoge wa ku Kenya adali ndi zaka zomwezo pamene adathamanga maola 2, mphindi 1 ndi masekondi 9 ku Berlin mu 2022. Kuchokera pamenepo liwiro limatsika pang'ono mpaka cha m'ma 60, kenaka limatsika mofulumira, makamaka munthu akapitirira zaka 70.

MUYESO WA KU BOSTON

Okonza mipikisano adazindikira zimenezi kalekale. Bungwe la World Masters Athletics limalandira othamanga kuyambira zaka 35 ndipo limawaika m'magulu a zaka zisanuzisanu, kuti munthu azipikisana ndi amsinkhu wake. Chitsanzo chomveka bwino ndi marathoni a ku Boston, m'dziko la America, amene adayamba mu 1897. Mtunda wa marathoni ndi makilomita 42.195, ndipo wofuna kulowa mpikisanowu ayenera kuonetsa kuti adathapo mtundawo m'nthawi yoikidwa pa msinkhu wake. Nazi zina mwa nthawi zimene adaika pa mpikisano wa 2026 kwa amuna:

Zaka 18 mpaka 34: maola 2 ndi mphindi 55
Zaka 40 mpaka 44: maola 3 ndi mphindi 5
Zaka 50 mpaka 54: maola 3 ndi mphindi 20
Zaka 60 mpaka 64: maola 3 ndi mphindi 50
Zaka 70 mpaka 74: maola 4 ndi mphindi 20

Kwa amayi, pa gulu lililonse amawonjezerapo mphindi 30.

Nthawi zimenezi nza akatswiri ozolowera, ndipo sitikunena kuti muwerengi aliyense azifikire. Phindu lake kwa ife lili pa kusiyana kwa magulu. Tikatenga kusiyana komweko nkukuika pa mtunda wa makilomita 10, munthu amene ankatha mtundawu m'mphindi 50 ali ndi zaka 30 angayembekezere mphindi 53 pa zaka 40, mphindi 57 pa zaka 50, mphindi 66 pa zaka 60, ndi mphindi 74 pa zaka 70. Bambo wa zaka 60 amene watha m'mphindi 66 wagwira ntchito yofanana ndi ija adagwira ali mnyamata. Palibe chochititsa manyazi pamenepa.

Tisaiwalenso kuti amene wayamba kuthamanga atakula kale ali ndi mwayi wina. Popeza thupi lake likungophunzira kumene, nthawi yake imatha kupita patsogolo kwa zaka zingapo ngakhale msinkhu ukukwera. Ndipo amene sasiya kuyeserera amataya mphamvu mochedwa kuposa amene amangokhala. Ed Whitlock wa ku Canada adatha marathoni ku Toronto m'maola 2 ndi mphindi 54 mu 2004 ali ndi zaka 73. Mu 2016, ali ndi zaka 85, adathanso mtunda womwewo asanakwane maola 4. Anthu otere ngosowa, koma atisonyeza kuti ukalamba suletsa munthu kuthamanga.

MMENE MUNGAIKIRE NTHAWI YANU

Musayambire pa nthawi ya unyamata wanu. Yambirani pa nthawi ya chaka chino. Sankhani mtunda wodziwika bwino, monga kuzungulira bwalo la masewera la mamita 400, thamangani makilomita 5 popanda kudzipanikiza, ndipo lembani nthawi yake m'kope. Cholinga chanu chikhale kuchotsapo mphindi imodzi kapena ziwiri m'miyezi itatu. Chaka chikatha yesaninso, nkuika cholinga chatsopano.

Masiku ambiri muzithamanga pa liwiro loti mungathe kulankhula ndi mnzanu popanda kubanika. Liwiro lalikulu likhale la tsiku limodzi kapena awiri pa mlungu, ndipo tsiku lotsatira mupume kapena mungoyenda. Kuti mudziwe mmene mtima ukugwirira ntchito, gwirani mtsempha wa padzanja, werengani kugunda kwa masekondi 15, ndipo chulukitsani kanayi. Dziwani kuti mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi amachedwetsa mtima, choncho amene mukumwa mankhwala mufunse adokotala musanadalire chiwerengero cha 220 chija.

Bungwe la Zaumoyo Padziko Lonse lidalangiza mu 2020 kuti munthu wamkulu azichita masewera olimbitsa thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu, kapena mphindi 75 mpaka 150 ngati masewerawo ali amphamvu monga kuthamanga. Lidatinso masiku awiri pa mlungu akhale olimbitsa minofu. Kunyonyomala ndi kudzuka, kukwera chitunda, ndi kuima chonyang'ama kumalimbitsa ntchafu ndi akatumba, ndipo kumateteza maondo.

Nyengo nayo muiganizire. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala musayembekezere nthawi imene mudapeza mu Juni. Thamangani m'mamawa dzuwa lisanakwere, ndipo imwani madzi okwanira. Mukadwala malungo kapena chimfine chotentha thupi, dikirani muchire bwinobwino musanabwerere pamsewu.

ZIZINDIKIRO ZOOPSA

Aliyense wopitirira zaka 40 amene sadathamangepo kwa nthawi yaitali ayambe wapita kuchipatala kukayezetsa kuthamanga kwa magazi ndi shuga. Izi nzofunika kwambiri kwa osuta fodya, onenepa, ndi amene kwawo kuli matenda a mtima. Mukamva kupweteka kapena kulemera m'chifuwa, chizungulire, kugunda kwa mtima kosalongosoka, kapena phuma losatha ngakhale mutaima, lekani pomwepo ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Musati ndimalize kaye mtunda watsalawu.

Akuluakulu adati kuthamanga sikufika. Wothamanga wanzeru ndi amene amalola wotchi kuwonjezera mphindi zochepa zaka zikamapita, kuti chaka chamawa adzapezekenso pamzere woyambira ali wathanzi.