Khansa ya M'bere: Kudula ndi Kuumbanso

Nkhani ya lero ena amachita nayo manyazi, koma poti ikukhudza moyo wa amayi athu, tiikamba poyera. Mayi akauzidwa kuti chotupa cha m'bere lake ndi khansa, funso loyamba limakhala lakuti, kodi bere langali alidula? Alipo amene amathaŵa chipatala chifukwa cha funso limeneli, nadzabwerera matenda atafalikira kale.

Mantha ameneŵa ali ndi pochokera. M'chaka cha 1894 dokotala William Halsted wa pa Johns Hopkins Hospital ku Baltimore, m'dziko la America, analongosola opareshoni yochotsa bere lonse, minofu ya pachifuŵa ndiponso anabere onse a m'khwapa. Mayi ankatsala ndi chifuŵa choloŵa m'kati, ndipo kaŵirikaŵiri mkono unkatupa. Njirayi inatsatidwa mpaka m'zaka za m'ma 1970, ngakhale kuti mu 1948 David Patey wa ku London anali atayamba kale kusiya mnofu waukulu wa pachifuŵa. Kenaka mu 1981 Umberto Veronesi wa ku Milan anasonyeza kuti chotupa chikakhala chaching'ono, kuchotsa chigawo chokha cha bere ndi kuotcha potsalapo ndi cheza kumasunga moyo mofanana ndi kudula lonse.

Mvetsetsani mawu aŵiri ameneŵa: chaching'ono, ndiponso cheza. Chotupa chikakula, kapena chikapezeka m'malo angapo, kapena mayi akakhala kuti sangathe kufika kumene kuli makina a cheza, bere limachotsedwa lonse. Kwa zaka zambiri dziko lathu linalibe makina otere, ndipo nchifukwa china chimene amayi ambiri kuno anadziŵira kudula kokha.

Kudulako nakonso kunasintha. Nthaŵi zina dokotala amachotsa zam'kati, nasiya khungu ngakhalenso nsonga ya bere. M'khwapa, ngati anabere sakuoneka kuti agwidwa, amabaya mankhwala a mtundu wobiriŵira amene amasonyeza mwanabere woyamba kulandira madzi ochokera m'bere. Akamupima napeza kuti alibe khansa, enawo amaŵasiya, motero mkono sutupa kaŵirikaŵiri.

Tsono bere lochotsedwa lingathe kuumbidwanso, ndipo njira zake zazikulu ndi ziŵiri. Yoyamba ndi kuika kathumba ka silikoni, kamene Thomas Cronin ndi Frank Gerow anayamba kugwiritsa ntchito ku Houston mu 1962. Khungu likachepa, amayamba aikamo kathumba kena kamene amakathira madzi amchere pang'onopang'ono kwa masabata angapo kuti khungulo litambasuke. Opareshoniyi siitenga nthaŵi, koma kathumbako sikakhala moyo wonse, ndipo mnofu wozungulira ungathe kuuma, makamaka mwa amene anaotchedwa ndi cheza.

Yachiŵiri, imene ine imandizizwitsa, ndi kuumba bere ndi thupi la mwini wake. Amatenga khungu ndi mnofu wa kumsana, kapena khungu ndi mafuta a pamimba. Mu 1982 Carl Hartrampf wa ku Atlanta anasonyeza njira yotenga za pamimbazo pamodzi ndi mnofu wake, koma izi zimatha kufooketsa mimba. Njira yotchedwa DIEP imasiya mnofuwo: dokotala amadula timitsempha ta magazi, nakatilumikiza ndi ta pachifuŵa akuyang'anira pa makina okuzira tinthu ting'onoting'ono. Ndi ntchito ya maola ambiri, ndipo imasiya chipsera chachitali pamimba, koma bere lake limakhala lofewa ndi lofunda, limanenepa mayi akanenepa.

Tisanamizane: bere loumbidwa silitulutsa mkaka, ndipo silimva kukhudzidwa ngati lija loyamba. Koma silibweza khansa, ndipo bere lotsalalo limatha kuyamwitsa mwana. Mayi wina amasankha kusaumbitsa konse, nangovala chopangidwa ngati bere m'kati mwa chovala, ameneyu sanalakwe. Inu abambo, kusankhaku nkwa mwini thupi, inu mbali yanu ndi kuperekeza.

Kuumba kungachitike tsiku lomwelo la kudula, kapena patapita zaka. Madokotala a ntchito imeneyi ndi oŵerengeka m'dera lathu lino, choncho mayi amene akuifuna afunse opareshoni isanachitike, pakuti kadulidwe ka khungu kamadalira zimene wasankha.