Kwathu ku Ruarwe kulibe njanji, koma mbiri ya sitima ya dizilo ndi yathunso

Mukamva mawu oti "sitima", mumaganiza za chiyani? Kwa ife a ku Ruarwe, m'boma la Nkhata Bay, yankho ndi limodzi basi: Ilala. Mudzi wathu uli pakati pa mapiri ndi nyanja, ndipo m'chigawo chonse cha kumpoto mulibe njanji ngakhale mita imodzi. Komatu ndikamatsata mbiri ya sitima yapamtunda, ndimapeza kuti ikutikhudza kwambiri.

Njanji yoyamba m'dziko muno inatsegulidwa mu 1908, kuchokera ku Port Herald, komwe lero ndi ku Nsanje, kufika ku Blantyre. Mu 1935 mlatho wa Dona Ana pa Zambezi unatha, ndipo njanji inakafika ku Chipoka ndi ku Salima. Apa m'pamene njanji inakumana ndi nyanja. Ilala anaipanga ku Scotland mu 1949, ndipo mwini wake anali kampani ya njanji, Nyasaland Railways. Inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira, pa njanji yomweyi, n'kuyamba kuyenda panyanja mu 1951. Ndiye mwaonatu, sitima yathu yapamadzi ndi mwana wa sitima yapamtunda.

Masiku amenewo mitu ya sitima inkayendera malasha ndi nthunzi. Ntchito yake inali yakalavulagaga: kukoleza moto maola angapo ulendo usanayambe, kuthira malasha ndi fosholo njira yonse, ndi kuima pafupipafupi kuti amwetse madzi. Mu 1963 kunabwera mitu ya dizilo yochokera ku Britain, yomwe ankaitcha Zambesi. Kenaka m'zaka za m'ma 1970 mpaka 1980 Malawi Railways inalandira mtundu womwe unadzatchuka kwambiri, MX615, wopangidwa ku Montreal m'dziko la Canada. Inafika pa nthawi yake, chifukwa njanji inali kukula: ya ku Nacala kudzera ku Nayuchi inatsegulidwa mu 1970, ya ku Lilongwe mu 1979, ndipo mu 1980 inakafika ku Mchinji.

Dzina loti MX615 lili ndi tanthauzo. Nambala 6 ikuimira mipiringidzo isanu ndi umodzi yomwe imagwira mawilo, kutanthauza mawilo 12. Nambala 15 ikuimira mphamvu ya injini, yomwe ndi 1,500 horsepower. Nanga mawilo onsewo ngachiyani? Njanji yathu ndi yopapatiza, mamilimita 1,067 basi, ndipo zitsulo zake zakale zinali zopepuka. Kulemera kwa mutuwo kukagawidwa pa mawilo ambiri, njanji ndi milatho sizivutika.

Chomwe chimadabwitsa ambiri n'chakuti injini ya dizilo siizunguza mawilo mwachindunji ngati mmene zimakhalira pa minibasi. Ntchito yake n'kuzunguza jenereta. Jeneretayo imapanga magetsi, ndipo magetsiwo ndi amene amayendetsa mamota omwe ali pansi, pafupi ndi mawilo. Tinene kuti ndi nyumba yopangira magetsi yomwe imayenda nawo yokha. N'chifukwa chake imatha kudzutsa mabogi olemera pang'onopang'ono popanda kusintha magiya.

Mu 1999 boma linapereka ntchito yoyendetsa njanji ku kampani ya Central East African Railways. Masiku ano phindu lalikulu lili pa katundu, makamaka malasha ochokera ku Moatize m'chigawo cha Tete, omwe amadutsa pa Nkaya ndi Liwonde kupita ku doko la Nacala. Sitima ya anthu inatsala yochepa: kwa zaka zambiri yakhala ikuyenda pakati pa Limbe, Balaka ndi Nayuchi, mwa apo ndi apo pa sabata. Ya kumunsi kwa Shire inadukizidwa ndi madzi osefukira omwe anakokolola njanji ku Chiromo mu 1997.

Wokhala m'tauni anganene kuti, "Aaa, mabasi alipo, vuto n'chiyani?" Ife a ku Ruarwe sitinganene choncho. Timadziwa tanthauzo la kudikira tsiku la sitima uli ndi matumba a usipa, kapena wodwala wofunika kupita ku chipatala chachikulu. Ilala ikapita kokakonzedwa, katundu wa m'magolosale amasowa ndipo anthu amakwera maboti ang'onoang'ono ngakhale kukuwomba mwera. Mayi wa ku Nayuchi wonyamula mpunga ndi nsomba za ku Chiuta ndi Chilwa ali m'gulu lathu lomweli, makamaka nthawi ya dzinja misewu ikasanduka matope.

Choncho mukamamva nkhani zokonzanso njanji, monga ya ku Marka ndi Bangula, musamangofunsa za matani a katundu. Funsaninso kuti, kodi bogi ya anthu ikhalapo? Izidzaima pa masiteshoni ang'onoang'ono? Ndipo amene amazula zitsulo za njanji kukagulitsa adziwe kuti akudula msewu wokhawo womwe midzi ina ili nawo.