Kompyuta yakale ikasanduka mphambano

Aliyense amene anadutsapo pa Zalewa amaidziwa kale ntchito ya router. Pamenepo msewu wochokera ku Blantyre umagawikana, wina kulowera ku Mwanza, wina kukwera ku Lilongwe. Router ndi mphambano yotero, kungoti pamadutsa mauthenga m'malo mwa galimoto.

Ntchito yanga ndi yolumikiza makompyuta, ndipo kuno ku Lisungwi anthu amandifunsa kuti, "Bwanji osangowalumikiza onse pamodzi?" Yankho langa limayambira ku zaumoyo. M'boma la Neno, kumene bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lakhala likuthandizana ndi boma kuyambira 2007, mbiri ya odwala ambiri imasungidwa pa kompyuta, mu pulogalamu ya OpenMRS. Taganizani foni ya mlendo ili pa netiweki imodzi ndi mbiri ya munthu amene akumwa ma ARV. Zimenezo ine sindingazivomere. N'chifukwa chake timagawa makompyuta m'midzi, imene timaitcha ma subnet.

Mudzi uliwonse uli ndi manambala ake. Wina maadiresi ake amayamba ndi 192.168.10, wina 192.168.20, ndipo tikagawa motere mudzi umodzi umakwana makina 254. A mudzi umodzi amalankhulana okha. Kuti uthenga uwolokere kutsidya, pamafunika mkhalapakati.

Mkhalapakatiyo angathe kukhala kompyuta yakale imene inatayidwa pakona. Ndimaikamo makadi awiri a netiweki ndi pulogalamu ya Linux. Khadi lina ndimalipatsa 192.168.10.1, linalo 192.168.20.1, kuti ikhale ndi khomo m'midzi yonse iwiri. Kenako pali kanambala kotchedwa ip_forward, kamene kamabwera kali 0, kutanthauza kuti osadutsitsa za ena. Ndimakasintha kukhala 1, n'kukalemba mu fayilo ya sysctl.conf. Mukapanda kulemba, magetsi akangozima kompyuta imaiwala.

Pamene ambiri amagwa ndi paulendo wobwerera. Tsiku lina pa ofesi ina pulinta inkaoneka ngati yafa, anthu akudikira makalata awo. Uthenga unkafika bwinobwino, koma pulintayo inali isanauzidwe gateway, ndiye kuti adiresi ya khomo lotulukira m'mudzi mwake. Inkamva, koma yankho lake linkasowa njira. Kutumiza mwana kutsidya kwa mtsinje wa Lisungwi sikokwanira, ayeneranso kudziwa podzera pobwerera. Masiku ano ndisanakhudze waya aliyense, ndimayamba ndaona gateway pa makina a mbali zonse ziwiri.

Mphambano ikatseguka, pamafunikanso rodibuloko, monga pa Zalewa pomwepo. Ife timati firewall. Ndi pulogalamu ya nftables ndimalemba kuti a ku ofesi afike pa pulinta, koma alendo alowere ku intaneti kokha.

Chomaliza ndi malo oikapo makinawo. Kuno kumatentha, ndipo fumbi la mu Okutobala limatseka fani. Kompyutayo ikhale pamwamba, podutsa mphepo, ikhale ndi batire ya UPS, ndipo mwezi uliwonse wina aipukute.