Kuopsa kotentha zikalata za bizinesi zikatha kujambulidwa

Amalonda ambiri m'misika ya m'boma lino ayamba kujambula malisiti, mabuku a ngongole ndi makalata a mgwirizano pogwiritsa ntchito foni kapena makina a sikana. Magulu a banki mkhonde, makopaletivi a alimi ndi makomiti a chitukuko akuchitanso chimodzimodzi. Nzeru imeneyi ndi yabwino, pakuti pepala lili ndi adani ambiri monga chiswe, makoswe, moto ndi madzi. Namondwe wa Freddy atawomba m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, mabanja ambiri anataya katundu pamodzi ndi zikalata zawo. Vuto limadza pamene munthu, atatha kujambula, aganiza kuti mapepalawo atha ntchito, n'kuwatentha kapena kuwasandutsa zokulungira mandasi.

Choopsa choyamba chili pa umboni. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la chaka cha 2016 limalola kuti zosungidwa pa makina ziperekedwe ngati umboni. Komabe bwalo la milandu limayesabe ngati umboniwo uli wodalirika. Mwachitsanzo, wogulitsa feteleza akhoza kukongoza mlimi matumba khumi, mlimiyo n'kudinda chala pa kalata. Mlimiyo akadzakana kuti chidindocho si chake, kapena akanena kuti nambala inasinthidwa, katswiri wofufuza amafuna pepala lenileni. Pa pepalapo amaona mtundu wa inki, mmene cholembera chinatsindikira ndiponso malo amene anafufutidwa. Chithunzi sichisunga bwino zizindikiro zoterezi, ndipo n'chosavuta kuchisintha pa kompyuta, motero wokana ngongole amapeza pothawira.

Chachiwiri, chithunzi chikhoza kusiyana ndi pepala mwini wake osadziwa. Mu 2013, katswiri wa makompyuta wa ku Germany, David Kriesel, anatulukira kuti makina ena a Xerox ankasintha manambala pojambula zikalata. Pofuna kuchepetsa kukula kwa fayilo, makinawo ankatenga zilembo zofanana maonekedwe ngati chilembo chimodzi, kotero kuti pamene panali 6 pankatuluka 8. Chithunzicho chinkaoneka choyera bwino, ndipo cholakwikacho chinkadziwika pokhapokha munthu atayerekeza ndi pepala loyambirira. Pojambula ndi foni pamakhalanso zophonya zina: dzanja kunjenjemera, m'mphepete mwa tsamba kuduka, tsamba lina kudumphidwa, kapena kuiwala kuseri kumene mboni zinasayina. Pepala likapsa, palibenso poyerekezera.

Chachitatu, zithunzi nazo zimatayika, ndipo zimatayika zonse nthawi imodzi. Foni imabedwa pa depoti, fulashi imagwidwa ndi vayirasi, kompyuta imapsa magetsi akabwera mwamphamvu. Zosungidwa pa intaneti zimafuna nambala yachinsinsi, ndipo mwini bizinesi akamwalira asanauze munthu, mkazi wamasiye ndi ana amalephera kudziwa amene ali ndi ngongole zawo. Ngakhale maofesi akuluakulu amakumana ndi zovutazi. Kumayambiriro kwa 2024, nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko inaima kusindikiza mapasipoti kwa milungu ingapo makina ake atasokonezedwa. Ngati zoterezi zinagwera ofesi ya boma yokhala ndi akatswiri, foni ya wogulitsa m'golosale ili pa chiopsezo choposa.

Chachinayi chikukhudza msonkho ndi kafukufuku wa ndalama. Malamulo a msonkho amalamula wamalonda kusunga mabuku ndi malisiti kwa zaka zingapo, ndipo bungwe la Malawi Revenue Authority lili ndi mphamvu yowaitanitsa. Wolephera kutsimikizira ndalama zimene anagulira katundu akhoza kuwerengeredwa msonkho wochuluka kuposa woyenera. Mabanki ndi mabungwe obwereketsa ndalama nawonso kawirikawiri amafuna kuona chikalata chenicheni cha chikole. Komiti imene yalandira ndalama zomangira mlatho kapena chipinda chophunziriramo imayenera kuonetsa malisiti kwa owerengera ndalama, ndipo ikawasowa, mamembala ake amakayikiridwa ngakhale sanadye kalikonse.

Njira yodalirika ndi kusunga ziwiri zonsezi, chifukwa chilichonse chimatchinga pamene chinzake chili chofooka. Malisiti otuluka m'makina a EFD amasindikizidwa pa pepala lofufutika likakhala padzuwa kapena pamalo otentha, choncho ayenera kujambulidwa msanga. Zikalata za malo, satifiketi yolembetsera bizinesi, chiphaso cha malonda chochokera ku khonsolo, wilo ndi mgwirizano uliwonse wosayinidwa kapena wodindidwa chala zisawonongedwe konse. Ziyikidwe m'pulasitiki, m'bokosi lachitsulo lotsekeka, pamalo okwera pamene madzi sangafike. Chithunzi chilichonse chiyerekezedwe ndi pepala lake tsamba ndi tsamba, chipatsidwe dzina ndi deti, kenaka chisungidwe malo awiri osiyana. Munthu mmodzi wokhulupirika wa m'banja kapena wa m'gulu adziwe kumene zithunzizo zili ndi mmene zingatsegulidwire.

Mapepala wamba amene nthawi yake yatha akhoza kuwonongedwa, koma wamalonda ayambe wafunsa ku ofesi ya MRA za zaka zimene lamulo likufuna. Gulu kapena komiti igwirizane kaye pa msonkhano, ilembe mndandanda wa zimene zikuwonongedwa, ndipo mndandandawo usayinidwe ndi wapampando pamodzi ndi mlembi. Ofuna uphungu wina angathe kufika ku ofesi ya zamalonda ku khonsolo kapena kudzera kwa khansala wa dera lawo asanagwire machesi.